Chilichonse Chili ndi Malo Ake: Tiganizire Mfundo za Al-Attas M'mwezi Uno wa Ramadhan



Palibe m'badwo wa Asilamu umene unapezapo maphunziro mosavuta ngati wathu uno. Mabuku a Hadith amene ma ulama akale ankawayendera miyezi pa ngamira, lero ali mu foni ya mwana wa sekondale. Ulaliki wa masheikh a kutali umatipeza tili pamkeka tikudikira kufutulu. Komabe tikayang'ana m'makomo mwathu, m'makomiti a mizikiti ndi m'magulu a WhatsApp, mikangano ikungochuluka, aliyense wasanduka mufti, ndipo mitima yambiri ilibe mpumulo. Zatheka bwanji kuti zodziwa zichuluke chotere koma mtendere uchepe?

Mmodzi mwa anthu amene analiganizira funsoli mozama m'nthawi yathu ino ndi Syed Muhammad Naquib al-Attas wa ku Malaysia. Maganizo anga ndi oti pa mfundo yake yaikulu analondola, ndipo Ramadhan ndi nthawi yabwino yoiyesa mfundoyo pa ife eni. Koma pali malo ena pamene tiyenera kumuwerenga maso ali tcheru, ndipo malowo ndiwatchula.

Al-Attas anabadwa mu 1931 ku Bogor, pa chilumba cha Java, ndipo anakulira pakati pa Java ndi Johor. Ali mnyamata anaphunzira za usilikali ku Sandhurst ku Britain, kenako anausiya usilikaliwo n'kutsata maphunziro. Anapita ku McGill University ku Canada, ndipo digiri yake ya udokotala anaitenga ku SOAS ku London, atafufuza zolemba za Hamzah Fansuri, mlakatuli wa Chisufi wa ku Sumatra. Mu 1977 analankhula pa msonkhano woyamba wa dziko lonse wa maphunziro a Asilamu umene unachitikira ku Makkah. Mu 1978 anatulutsa buku la Islam and Secularism, mu 1987 anakhazikitsa sukulu ya ISTAC ku Kuala Lumpur, ndipo mu 1995 anasonkhanitsa mfundo zake zikuluzikulu m'buku la Prolegomena to the Metaphysics of Islam. Ndatchula zimenezi kuti tidziwe kuti uyu si munthu wodzudzula maphunziro a Azungu chifukwa choti anawalephera. Anawadya mpaka kukhuta, ndiye n'chifukwa chake mawu ake ali ndi kulemera.

Kudziwa n'chiyani?

Ambiri a ife timaganiza kuti kudziwa ndi kusunga zinthu m'mutu, monga mmene timasungira chimanga m'nkhokwe. Al-Attas akukana zimenezi. Iye akuti ilimu ndi pamene tanthauzo la chinthu lafika mu mzimu wa munthu, ndiponso pamene mzimuwo wafika pa tanthauzolo. Pali mbali ziwiri: Allah ndiye amapereka, koma munthu nayenso amayenda kukakumana ndi chopatsidwacho. Ndipo tanthauzo la chinthu, malinga ndi iye, ndi kuzindikira malo ake pakati pa zinthu zinzake.

Tiyerekeze motere. Munthu watola kachitsulo pamsewu. Akhoza kukayeza kulemera kwake, kutalika kwake ndi mtundu wa chitsulo chake, koma sanakadziwe kufikira atazindikira kuti ndi ka mu injini ya chigayo, ndiponso pamene kamalowa. Makanika akangokaona amati, "Aka ndi ka apa." Ameneyo ndiye wadziwa. Winayo ali ndi manambala chabe.

Apa ndi pamene pakutulukira liwu limene lili pakati pa maganizo onse a al-Attas: adab. Ife timati adabu, ndipo tikamati mwana alibe adabu timatanthauza kuti sapereka salamu, amadya ndi dzanja lamanzere kapena amayankha akuluakulu mwamwano. Al-Attas akuti liwuli ndi lalikulu kuposa pamenepo. Adab ndi kuzindikira malo oyenera a chinthu chilichonse m'chilengedwe, n'kuvomereza malowo ndi zochita zako. Mlengi ali ndi malo ake, Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) ali ndi malo ake, mphunzitsi, kholo, ndalama, mimba, ngakhale liwu m'chiganizo, zonse zili ndi malo ake. Zinthu zikakhala m'malo mwake, chimenecho ndiye chilungamo, adl. Zikachoka m'malo mwake, imeneyo ndiye zulm, kupondereza. N'chifukwa chake munthu akhoza kudzipondereza yekha popanda kulakwira wina aliyense: wangoika zilakolako zake pa mpando umene unali wa nzeru zake.

Kuchokera apa al-Attas anafotokoza matenda a Ummah m'magawo atatu. Choyamba, kudziwa kumasokonekera. Kusokonekerako kumabala kutayika kwa adab. Kutayika kwa adab kumabweretsa atsogoleri abodza, anthu okhala pa mipando imene sakuyenera, ndipo iwowa amawonjezera kusokoneza kudziwa kuja. Zikatero gudumu limangozungulira. Iye akuti pothyolera gudumuli ndi pa adab, chifukwa munthu amene sadziwa kusiyanitsa mphunzitsi weniweni ndi wongolongolola sangaphunzire choona ngakhale mutamupatsa laibulale yonse. Pa chifukwa chomwechi, iye anati maphunziro a Chisilamu aziyitanidwa ta'dib, kulowetsa adab mwa munthu, osati tarbiyah yokha, poti tarbiyah ndi kulera ndi kukulitsa, ndipo kulera timalera ngakhale mbuzi ndi mbewu.

Tadzifunsani, abale anga: kodi si zimenezi zomwe tikuziona? Mnyamata wamvera makaseti awiri ndipo akuweruza sheikh amene anakhala pa mapazi a aphunzitsi zaka khumi ndi zisanu. Komiti ya mzikiti ikusankhidwa poyang'ana galimoto ya munthu. Kwina nakonso, wovala mkanjo wautali akulandira ulemu wa alim pamene sanaphunzire. Zonsezi ndi chinthu chimodzi: kusowa diso lozindikira malo.

Dziko ndi chikwangwani

Funso lachiwiri ndi loti, kodi chenicheni n'chiyani? Maphunziro ambiri a makono amaphunzitsa, mwina mosanena, kuti chenicheni ndi chokhacho chimene chingayezedwe ndi kukhudzidwa. Al-Attas akutikumbutsa kuti m'Chiarabu liwu loti haqq limanyamula zonse ziwiri, choona ndi chenicheni, ndipo silimathera pa zooneka ndi maso. Akutikumbutsanso kuti Qur'an yolemekezeka imagwiritsa liwu limodzi, ayah, potchula ndime zake komanso potchula zolengedwa monga mvula, usiku ndi usana. Dziko lonse ndi buku lina lotsegula, ndipo chilichonse m'menemo ndi chizindikiro choloza kwa Mwini wake.

Iye amapereka fanizo la wapaulendo amene wafika pa chikwangwani cholozera njira. Chikwangwanicho chikakhala chokongola kwambiri, chopangidwa ndi miyala ya mtengo wapatali, munthuyo akhoza kuima pomwepo, kumachisisita ndi kuchiyeza, mpaka kuiwala kumene amapita. Tonse tikhoza kumuseka munthu wotere. Koma umu ndi mmene ambiri tikukhalira ndi dunia. Tikudziwa zambiri za chikwangwani, za njira sitikufunsa.

Al-Attas anatenga kwa Harvey Cox, wophunzira za umulungu wa Chikhristu wa ku America amene analemba The Secular City mu 1965, magawo atatu a mmene dziko limachotsedwera chipembedzo: chilengedwe chimavulidwa tanthauzo lake lauzimu, ulamuliro umachotsedwa pansi pa Mulungu, ndipo makhalidwe amasanduka chinthu chimene m'badwo uliwonse ungasinthe mmene wafunira. Cox ankaziona zimenezi ngati kukula kwa munthu. Al-Attas anayankha kuti Chisilamu nacho chinachotsa mizimu ndi matsenga m'mitengo ndi m'mapiri, koma sichinasiye mitengo ndi mapiriwo opanda tanthauzo: chinawasandutsa zizindikiro za Allah. Kusiyana kumeneku n'kofunika. Msilamu saopa phiri ndipo salipembedza, koma salionanso ngati mulu wa miyala wongoyembekeza kugulitsidwa.

Mawu akadwala, maganizo amadwala

Gawo limene ambiri amalidumpha powerenga al-Attas, koma limene ine ndimaliona lamphamvu koposa, ndi la chilankhulo. Iye akuti Qur'an itatsika inayamba ndi kukonza Chiarabu chenichenicho. Mawu amene Aluya ankawadziwa kale anapatsidwa malo atsopano. Liwu loti karim, mwachitsanzo, linkanena za munthu wa mtundu wapamwamba ndi wopatsa modzionetsera, koma Qur'an inamangirira ulemuwo ku taqwa. Pambuyo pake mawu a maziko amenewa analowa m'zilankhulo za mitundu yonse imene inalandira Chisilamu, monga Chiperezi, Chituruki ndi Chimalay, ndipo anasintha kaganizidwe ka eni zilankhulozo.

Ife sitikufunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Timati swala, swaumu, zakaat, dua, niya, halali, haramu, dunia, akhera. Mawuwa anatifika kalekale ndipo agogo athu anawasunga. Liwu lililonse mwa amenewa lili ngati mbiya yonyamula madzi a kutali. Koma mbiya imatha kubooka madzi n'kutayika, iyo n'kumaonekabe yathunthu. Al-Attas akuchenjeza kuti chipembedzo chimayamba kuchoka mwa anthu pamene mawu ake afinyidwa tanthauzo, ngakhale akutchulidwabe tsiku ndi tsiku. Taonani mmene adabu yatsalira pa kadyedwe ndi malonje. Taonani mmene ilimu yagawidwira pawiri, ya kumadrasa ndi ya kusukulu, ngati kuti masamu ndi zamankhwala zili ndi mlengi wina. Ibada yatsalira pa mkeka wa swala, ndipo sikufikanso pa sikelo ya mu golosale.

Kafukufuku wake wa liwu loti din ndi wokoma kuuganizira m'mwezi uno. Akulilumikiza ndi dayn, ngongole. Munthu sanadzilenge, moyo wake wonse ndi ngongole, ndipo alibe china chobwezera koma iye mwini. Amakumbutsa za pangano lofotokozedwa mu Surah Al-A'raf, ndime 172, pamene ana a Adam anavomereza Mbuye wawo asanabwere pa dziko. Kuchokera ku tsinde lomwelo akutulutsa madinah, mzinda, dayyan, woweruza, ndi tamaddun, chitukuko. Ndiye kuti din si kachipinda kamodzi m'nyumba ya moyo kamene timalowamo Lachisanu. Ndi maziko a nyumba yonse.

Liwu lina ndi ikhtiyar, kusankha. Al-Attas akuti limachokera ku khayr, ubwino, kotero ufulu weniweni ndi kusankha chabwino. Wosankha choipa sanagwiritse ufulu wake, wangokokedwa ndi chingwe cha zilakolako. Aliyense amene wasala Ramadhan akudziwa kukoma kwa mfundo imeneyi. Madzi ali pafupi, palibe akukuona, ndipo sukumwa. Kodi pali nthawi ina pachaka pamene umamva kuti ndiwe mwini wa thupi lako kuposa pamenepo?

Chimwemwe chimene sichitha ndi mbale

Mu 1993 al-Attas analemba kabuku kotchedwa The Meaning and Experience of Happiness in Islam. Liwu limene akulifotokoza ndi sa'adah, ndipo akuti lotsutsana nalo ndi shaqawah, tsoka lalikulu la mumtima limene limanyamula mantha, chisoni, nkhawa ndi kukayika kosatha. Akugawa chimwemwe m'masitepe atatu. Loyamba ndi la thupi ndi maganizo: wapeza chimene unkafuna m'njira yoyenera, wasangalala, ndipo mawa chatha. Lachiwiri ndi lauzimu ndi lokhazikika: mtima wafika pa yaqin, kutsimikiza za Allah, ndipo ukuchita mogwirizana ndi kutsimikizako. Limeneli limakhalapo ngakhale loyamba litasowa. Lachitatu ndi la ku akhera, ndipo nsonga yake ndi kumuona Allah.

Masiku ano chimwemwe chikuyezedwa. Kuyambira 2012 kumatuluka lipoti lotchedwa World Happiness Report, limene limafunsa anthu kuti aike moyo wawo pa makwerero a 0 mpaka 10, ndipo Finland yakhala ikutsogola kuyambira 2018. Lipotili lili ndi phindu lake, poti limaonetsa kuti umphawi, matenda ndi katangale zimapweteka anthu zenizeni. Koma makwerero amenewa amafika pa sitepe yoyamba yokha. Sangayeze mtima wa mayi amene wataya mwana, akulira misozi yeniyeni, koma pansi pa misoziyo pali thanthwe limene silinagwedezeke. Al-Attas akuti thanthwe limenelo ndiye sa'adah ya pa dziko lino. Si kuseka. Munthu akhoza kukhala nayo ali m'ndende, ndipo wina akhoza kuisowa ali m'nyumba yosanja. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Swaumu imatiphunzitsa zimenezi tsiku lililonse popanda buku. Kukoma kwa tende ndi madzi pa Maghrib ndi kwenikweni, ndipo ndi mphatso ya Allah, koma pofika Isha kwatha, ndipo amene wawonjeza mbale akuvutika pa Taraweh. Pali kukoma kwina kumene kumayamba masana dzuwa lili paliwombo, mimba ili pululu, pamene mtima ukudziwa chimene ukuchita ndi Amene ukumuchitira. Kukoma koyamba kumafuna mbale. Kwachiwiri kumabwera mbale itachotsedwa.

Pamene tiyenera kusamala

Pali zinthu zitatu zimene munthu woganiza bwino angamufunse al-Attas, ndipo si bwino kuzibisa.

Choyamba, mawu oti "dziwa malo ako" ndi mawu amene opondereza amawakonda. Anenedwapo kwa amayi ofunsa gawo lawo la chuma cha masiye, kwa achinyamata ofunsa za ndalama za mzikiti, ndi kwa osauka. Kodi chiphunzitso cha adab sichingasanduke chibonga m'manja mwa akuluakulu? Chikhoza, ngati tichiwerenga theka. Koma al-Attas akuika anthu m'malo mwawo poyang'ana kudziwa, nzeru ndi makhalidwe, osati chuma, mtundu kapena mphamvu. Mwa muyeso umenewu, mtsogoleri wodya za amasiye ndiye woyamba kuchoka pa malo ake, ndipo womufunsa mwaulemu ndiye akubwezeretsa chilungamo. Adab imakwera ndi kutsika. Amene amaifuna kwa ana okha, iye osaipereka, sanaimve.

Chachiwiri, al-Attas amalankhula za chitukuko cha Azungu ngati chinthu chimodzi chomangidwa pa kukayika ndi tsoka. Apa ndikuona kuti anapaka ndi burashi yaikulu. Kumeneko kulinso anthu okhulupirira ndi oganiza amene analimbana ndi matenda omwewo. Ndiponso si zilonda zathu zonse zimene zinabwera pa sitima. Kaduka, katangale ndi kukonda mipando zinalipo pakati pa Asilamu atsamunda asanafike. M'bale wake weniweni, Syed Hussein Alatas, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anathera zaka zambiri akulemba za katangale. Kuwerenga awiriwa pamodzi kumathandiza kuti chala chisangoloza kunja. Ndipo kunena zoona, mfundo ya al-Attas ya kutayika kwa adab imaloza m'kati mwathu momwe, ngakhale ena mwa omukonda amakonda gawo lodzudzula ena lokha.

Chachitatu ndi cholemera kwambiri kwa ife. Kodi n'chilungamo kumuuza munthu amene alibe ufa wa kufutulu kuti chimwemwe chenicheni chili mumtima? Yankho langa ndi loti mawu amenewa ali ndi malo akenso. Potsata Imam al-Ghazali, al-Attas amavomereza kuti thanzi la thupi ndi zinthu za kunja monga chuma zimathandiza munthu pa ulendo wa chimwemwe. Wokhuta akagwiritsa chiphunzitso cha yaqin kuti atseke pakamwa pa wanjala, wachotsa mawu oona pa malo ake, ndipo imeneyo ndi zulm. Malo a chuma chowonjezera cha wolemera ndi m'manja mwa wosauka, n'chifukwa chake kuli zakaat ndi Zakaatul Fitr. Wanjala timupatse chakudya. Chiphunzitso cha sa'adah chikufunika kwambiri kwa wokhuta amene akudabwa kuti bwanji tulo sakutipeza.

Zimene tingachite masiku atsalawa

Mu 1982 Ismail al-Faruqi anatulutsa ndondomeko yake ya mmene maphunziro a makono angalowetsedwere m'Chisilamu, ndipo anatsindika zolembanso mabuku a m'mayunivesite. Al-Attas anatsindika pena: chofunika kukonzedwa poyamba ndi munthu wophunzirayo, maganizo ake ndi mawu ake. Cholinga cha maphunziro, malinga ndi iye, ndi kutulutsa munthu wabwino, poti munthu wabwino amakhalanso nzika yabwino, pamene nzika yomvera malamulo ikhoza kukhala munthu woipa. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti sidikira ndalama za mabungwe. Imayambira pa khonde.

Kholo likhoza kuyamba posiya kumuuza mwana kuti kumadrasa ndi kwa Allah ndipo kusukulu ndi kwa ntchito. Pali ilimu imene ili fardh ain, yokakamizika kwa aliyense payekha, ndipo pali ya fardh kifayah, monga udokotala ndi ulimi, imene mudzi wonse umachimwa ikasowa. Zonse ndi za Allah, koma yoyamba ndiyo imatsogolera yachiwiri. Wachinyamata akhoza kuyamba podzifunsa, asanatumize fatwa ku gulu, kuti woyankhulayo anaphunzira kwa yani. Paja safunsa anadya phula. Sheikh akhoza kuyamba ponena kuti "sindikudziwa" pamene sakudziwa, monga ankachitira Imam Malik. Wamalonda akhoza kuyamba pa sikelo yake. Ndipo tonse tikhoza kutenga liwu limodzi mwa amene timawatchula mwachizolowezi, kaya taqwa, kaya sabr, kaya baraka, n'kukhala pansi ndi wodziwa kuti atibwezere tanthauzo lake lonse.

Ramadhan imaika zinthu m'malo mwake mwa mphamvu kwa masiku 29 kapena 30. Mimba imatsika pa mpando, Qur'an imabwerera m'manja, wosauka amakumbukiridwa, usiku umapeza ntchito yake. Mayeso enieni amayamba tsiku la Eid, pamene palibenso chotikakamiza, ndipo aliyense ayenera kuzisunga zinthuzo m'malo mwake mwa kusankha kwake.

Tikumupempha Allah (Subhanahu wa Ta'ala) kuti atipatse ilimu yopindulitsa, atiphunzitse adab pamaso pake ndi pamaso pa zolengedwa zake, alandire swaumu ndi swala zathu, ndipo atilembe m'gulu la anthu a sa'adah pa dziko lino ndi ku akhera. Ameen. Allah ndiye Wodziwa koposa.